Utsi wa Vani Yoyera ya ku Kamwala

Mpaka lero, ndikadutsa pafupi ndi galaja pomwe akutsuka zitsulo ndi dizilo, ndimaona Agogo Lazaro atakhala pa kampando kawo kachitsulo pakhonde la nyumba yathu ku Chawama mu Lusaka, mbaula ikufuka pambali pawo, manja awo akuluakulu ali pamawondo ngati akudikira kuti wina awapatse chiwongolero. M'mawa uliwonse, nthawi imene azimayi ankakangana pampopi, zigubu zikugundana, ana a sukulu akuthamanga m'fumbi ndipo makondakitala akukuwa kuti "Tauni! Tauni!" kumsewu, Agogo ankapendeketsa mutu n'kumamvetsera magalimoto odutsa. Minibasi ina ikadutsa ikutsokomola, ankangoti, "Imeneyo sifika Loweruka." Ndipo kawirikawiri, Loweruka lisanafike, tinkaiona itakhazikidwa pamiyala, matayala atachotsedwa.

Agogo anayendetsa malole zaka zoposa makumi atatu. Anachoka kwawo ku Katete ali mnyamata, anayamba ndi ntchito yokweza katundu, kenaka n'kukhala dalaivala wa maulendo aatali, ndipo misewu ya ku Mongu, ku Mpulungu ndi ku Chipata ankaitchula ngati akutchula abale awo. Maso awo anafa pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, mpaka anatsala ongosiyanitsa usana ndi mdima. Agogo aakazi atamwalira, Atate anawatenga kuti adzakhale nafe. Anthu a mu komboni ankawatcha ba Shikulu, kutanthauza agogo aamuna, koma iwo sanalole kuphunzira chinyanja cha m'tauni. Ankalankhula cha kwawo, chodzaza mkamwa, ndipo m'nyumba ankafuna kuti tonse tiziwayankha momwemo.

Ine, Dailesi, ndinali maso awo. Ndikaweruka kusukulu ndinkawagwira pamkono kupita nawo kukiliniki, kutchalitchi kapena kukagula fodya wawo wa mphuno, ndipo tikuyenda ankandifunsa mosalekeza kuti, "Ukuona chiyani?" Ndikati, "Lole yofiira," ankandiseka. "Yofiira basi? Yanyamula chiyani? Yapendekera kuti? Matayala akumbuyo ndi angati?" Mwa njira imeneyi ndinaphunzira kuyang'ana chinthu mpaka nditachiona, ndipo ndinkanyadira kwambiri kuti munthu wamkulu chotero akuyenda m'dziko limene ndikumuuza ine.

Chaka chimene ndinali mu giredi sikisi ndi chimene Atate anachotsedwa ntchito. Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa motsatizana, abambo ovala mataye akudzuka m'mawa n'kupita kutauni kukangoima, ndipo ufa unayamba kugulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki tokwana mphika umodzi. Atate anali kalaliki wa m'nyumba yosungiramo katundu. Kampani yawo ikugulitsa zinthu zake, iwo anagula chinthu chimene palibe wina anachifuna: boti loyera la injini limene mabwana ankasewerera pa mtsinje wa Kafue, pamodzi ndi tirela yake ya matayala awiri. Malume, mchimwene wa Amai, ankakhala ku Luangwa, kumene mtsinje wa Luangwa umakumana ndi Zambezi, ndipo anali atawauza kuti munthu wa boti angathe kumazungulira m'misasa ya asodzi, kugula nsomba zouma n'kudzagulitsa ku Lusaka. Nyengo ya kumeneko ikavuta, botilo lingathenso kukokedwa kupita ku Kafue.

Vuto linali lakuti boti lili ku Chawama, mtsinje uli kutali, ulendo wa tsiku lathunthu kudutsa m'mapiri. Linakhala pabwalo pathu miyezi itatu, pakati pa chimbudzi ndi mtengo wa malubeni. Nkhuku za Amai zinayamba kuikiramo mazira. Anthu odutsa ankaima pampanda n'kumati, "Ba Kaputeni, mvula ikabwera muzatinyamulako ku tauni, ai?" Atate ankaseka nawo, koma ndinkaona kuti akalowa m'nyumba ankakhala pansi atagwira mutu. Ndalama zotsala zinali zogulira galimoto imodzi yokha, yakale, ndipo mitengo inkakwera mlungu uliwonse. Akanalakwitsa kusankha, kunalibe kuyambiranso.

Agogo anali atalipapasa kale botilo kuyambira kumphuno mpaka kumatako. Ananyamula mutu wa tirela ndi manja awiri kuti amve kulemera kwake, n'kuutula akupuma mwamphamvu. "Yotamu," anatero kwa Atate, "chinthu ichi pokwera phiri chidzakukokera m'mbuyo, ndipo potsika chidzafuna kukupitirira. Ufune galimoto yolemera kuposa icho, ya dizilo, yokhala ndi mafupa pansi. Nkhope usayang'ane." Atate anavomera ndi pakamwa pokha. Iwo anali ataona kale vani ina ku Kamwala, dera la masitolo pafupi ndi tauni, ndipo mtima wawo unali utagwera pamenepo. Ankati vani ingathe kukoka boti, ndipo malonda a nsomba akakanika angaisandutse minibasi. Sankafuna kupita ndi Agogo, koma Amai anaima pakhomo n'kunena kuti munthu sangasiye dalaivala m'nyumba n'kukagula galimoto ndi nzeru za ukalaliki. Agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa chawo chakale cha kuntchito, ndipo tinanyamuka atatu.

Vaniyo inali kuseri kwa masitolo a maoda, pomwe pankanunkha zovala zakale za salaula ndi mafuta ophikira. Inali yokongola, sindinganame. Inali yoyera ngati ya chipatala, matayala atapakidwa polishi, mkati mukununkha mankhwala a maluwa. Wogulitsa anali bambo wamfupi wovala magalasi akuda, dzina lake Bonifasi.

"Ba Shikulu, iyi motoka ni nyowani," anatero akuwagwira chanza. "Yafika chabe manje manje. Sivuta olo pang'ono."

"Ingakoke boti mpaka ku Luangwa?" anafunsa Agogo.

"Boti? Iyi ingadonse na nyumba!"

Agogo anaika dzanja pamwamba pa injini n'kulichotsa. "Mwaidzutsa kale. Ine ndimafuna kuimva ikudzuka yozizira, chifukwa wodwala amadziwika podzuka." Bonifasi anaseka n'kunena kuti ankangoitenthetsa kuti tisadikire. Agogo anamuuza kuti alowe aiponde mafuta, ndipo ine ananditumiza kumbuyo kuti ndiyang'ane paipi ya utsi.

Injini itakuwa, utsi unatuluka wochuluka, wotuwa mobiriwira, n'kuyandama pansi ngati wa zinyalala zonyowa. Ndinkadziwa tanthauzo lake, chifukwa Agogo anali atandiphunzitsa pakhonde paja kuti utsi wotero ndi wa injini imene ikudya oilo wake. Nditakweza mutu ndinapeza Atate akundiyang'ana. Anapukusa mutu pang'ono n'kuika chala pamilomo. M'maso mwawo munalibe ukali. Munali kupempha, kwa munthu amene watopa kusekedwa ndipo akufuna kulowa mu komboni ndi chinthu chimodzi chowala.

"Dailesi, ukuona chiyani?"

"Kulibe utsi, Agogo," ndinatero. "Ndi woyera chabe, pang'ono."

Agogo anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga. Kenaka anati, "Chabwino." Anavula jekete n'kundipatsa, anagwada pansi ndi mawondo awo okalamba n'kukwawira kunsi kwa vani. Tinkangoona nsapato zawo ndi kumva zala zikugogoda chitsulo. Atatuluka anali ndi kachidutswa ka dzimbiri kopakidwa phula lakuda, ndipo anakaika m'dzanja la Atate.

"Chala changa chaloweramo," anatero. "Pamene ungamangire chitsulo chokokera pali chitini chowola. Tsiku lina pa mapiri a Manenekela udzayang'ana pagalasi n'kuona boti likubwerera lokha ku Lusaka, litatenga ndi matako a galimoto." Anatembenukira kwa Bonifasi n'kunena mwaulemu kuti vani yake ndi yabwino kunyamulira buledi m'tauni, ndipo ampezere mwini wophika buledi.

Atate anapirira mpaka titatsika minibasi ku Chawama. Pamenepo, panjira ya fumbi, anthu akumva, anaphulika.

"A Mdala, mwandichititsa manyazi! Inu simuona. Magalimoto amene mumawadziwa anatha kalekale. Nthawi yanu inapita, mundisiye ndichite zanga!"

Ndinamva mkono wa Agogo ukuuma m'dzanja langa. Titafika kunyumba anapachika chipewa chawo pamsomali n'kukhala pakampando kawo.

Masiku atatu otsatira, Agogo sanandifunse kalikonse. Sanandikalipire, ankandipatsa moni monga kale, nditawapatsa madzi ankathokoza. Koma akafuna kupita kwina ankatenga ndodo n'kumayenda okha akugogoda pansi. Kusafunsidwa kumeneko kunandipweteka kuposa chikwapu, ndipo kusukulu sindinkamva chimene aphunzitsi ankanena. Tsiku lachitatu masana, Amai ali kumsika, ndinamva chitsulo chikulira pabwalo. Agogo anali atagunda mutu wa tirela akuchokera kuchimbudzi, ndipo magazi ankatsika pamsongolo mpaka m'nsapato. Ndinawakhazika pansi, ndinatenthetsa madzi pambaula n'kuthiramo mchere, ndipo ndikutsuka balalo misozi inayamba kugwera m'beseni.

"Agogo, utsi unalipo," ndinatero. "Unali wambiri. Ndinanama."

"Ndinadziwa," anatero. "Mphuno ndikadali nayo."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena pamaso pa munthu uja, ndikanakuvula iwe ndi atate ako pamodzi." Anafufuza mutu wanga ndi dzanja n'kuligoneka pamenepo. "Unawamvera chisoni atate ako, ndipo chimenecho si choipa. Nanenso ndimawamvera. Koma mwana wanga, ine maso ena ndilibe. Ukaona choipa, undiuze choipacho. Chochita nacho tidzaona tonse."

Sindinkadziwa kuti Atate anali m'nyumba, atagona kuchipinda zenera lili lotsegula. Sanatuluke, ndipo nkhaniyi sanaitchule. Koma m'mawa mwake, titamwa tiyi, anaima patsogolo pa kampando kaja akukanda kumutu.

"Amake Dailesi amva kwa azimayi a kutchalitchi kuti ku Mtendere kuli vaneti, ija yotsegula kumbuyo," anatero. "Akuti ndi yonyansa. Mungapite nane?"

"Ngati ndi yonyansa, tiye tikaione," anatero Agogo, dzanja likufuna kale chipewa pamsomali.

Inali yonyansadi. Utoto wake wobiriwira unali utasuluka ndi dzuwa, chitseko cha kumanzere chinali chomangidwa ndi waya, ndipo kumbuyo kwake kunali kotuwa ndi simenti. Mwini wake anali mayi wamasiye, amake Tiza, amene malemu amuna ake ankanyamuliramo midadada yomangira nyumba. "Benze kuikonda maningi," anatero mayiyo za amuna akewo, akupukuta galasi ndi chitenje. "Ine sinifuna iyende kuli munthu wamene azaiphwanya chabe." Inali itaima miyezi iwiri, batire litafa, moti tinachita kuikankha ndi anthu a pafupi. Inagwedezeka, inatsokomola kawiri, kenaka inagwira ndi mawu okhuthala, osathamanga. Ndinaona Agogo akumwetulira koyamba mlungu umenewo.

Ndinapita kumbuyo ndisanatumidwe. "Poyamba unatuluka wakuda, Agogo, kamodzi. Tsopano watha. Koma tayala lakumbuyo kumanzere latha mano, galasi lakutsogolo lang'aluka kuchokera pakona, ndipo pansi pakati pa matayala akumbuyo pakudontha mafuta."

"Akudontha bwanji? Ngati mpopi kapena ngati thukuta?"

"Ngati thukuta."

"Amenewo tikhala nawo."

Agogo atagwada kuti akwawire pansi, Atate nawo anavula malaya n'kuwatsatira. Ndinasuzumira ndipo ndinaona amuna awiri atagona chagada m'fumbi, Agogo atagwira dzanja la mwana wawo n'kumaliyendetsa pa mizati iwiri yachitsulo yoyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. "Wamva? Awa ndiwo mafupa. Fufuza ngati pali powotcherera. Gogoda apa. Tsopano werenga masipuling'i, aliponso othyoka?" Atate ankayankha ngati mwana wa sukulu, "Palibe. Apanso palibe."

Agogo anakana kuti tigule tisanaiyese ndi katundu weniweni. Anati galimoto yopanda kanthu imanamiza aliyense. Amake Tiza analola, koma anati, "Nizayenda naimwe, siningaisiye iyende yeka." Choncho tinapita ku Chawama, tinachotsa nkhuku ndi mazira, n'kumangirira tirela ku chitsulo cholimba chimene malemu anawotcherera kuchasisi kuti azikokera kangolo ka mchenga. Tsiku limenelo boti linatuluka pabwalo pathu koyamba, ana akuthamanga m'mbuyo mwake ndi azimayi akululutira pampopi. Tinalowera msewu wa ku Kafue kufuna zitunda. Ntchito yanga inali kuyang'ana kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini n'kumanena pamene kali. Pachitunda chachitali kanakwera kupitirira pakati, ndipo ndinanena. Atate ataponda mabuleki, galimoto inakokera kumanzere, ndipo Agogo anaimva ndi thupi lawo ndisanatsegule pakamwa. Anauza amake Tiza zonse zimene anapeza, zabwino ndi zoipa, osachulukitsa kuti awapondereze pamtengo. Mayiyo anagwetsa misozi potipatsa makiyi.

Mlungu wathunthu pabwalo pathu panasanduka galaja. Atate ndi Agogo anatsuka rediyeta mpaka madzi anatuluka oyera, anasintha nsapato za mabuleki, anagula tayala lina logwirapo ntchito ku Matero, ndipo anamanga unyolo wachiwiri pakati pa vaneti ndi tirela. Agogo ankagwira ntchito ndi zala, Atate ndi mphamvu, ine ndi maso. Atate anati tichotsenso matayala a tirela tione mkati, koma Agogo anawazunguza, anamvetsera, n'kunena kuti ali bwino.

Tinanyamuka m'bandakucha patchuthi cha mwezi wa Ogasiti. Amai anatikonzera mbatata zophika ndi tiyi m'botolo. Ine ndinakhala pakati, giya ikundigunda bondo. Tinadutsa Chongwe dzuwa likutuluka, tinadutsa Rufunsa, ndipo dziko linayamba kukwinyika, mitengo yopanda masamba itaima m'mapiri, matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Agogo ankadziwa pamene tili pongomva kulira kwa injini. Nthawi ina anawongoka pampando.

"Yotamu, tafika pa Manenekela. Ika giya yachiwiri tisanayambe kutsika. Usadikire."

Atate anaika yachitatu, akuti yachiwiri ikuchedwa. Msewu unagwera pansi n'kuyamba kukhotakhota. Ndinamva boti likutikankha kumbuyo ngati ng'ombe yosazolowera goli, ndipo Atate anayamba kuponda mabuleki osachotsa phazi. Posakhalitsa fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto. Pagalasi ndinaona boti likuyamba kuvina, kumanja, kumanzere, kumanja, ndipo thukuta linatuluka pakhosi pa Atate.

"Dailesi," anatero Agogo, mawu ali pansi ngati akupempha mchere.

"Boti likugwedezeka, Agogo. Kutsogolo kuli khona lopita kumanzere, lakuthwa. Kumanja kuli chigwa. Pansi pake pagona lole yakale."

"Kufika pakhona ndi mtunda wotani?"

"Ngati kuchoka kwathu kufika pampopi."

"Zikwana. Yotamu, gwira chiwongolero chowongoka, usalimbane nalo. Ponda buleki kamodzi mwamphamvu. Tsopano siya. Kilatchi." Dzanja lawo linadutsa pamwamba pa bondo langa, linaphimba dzanja la Atate pagiya, ndipo onse awiri anaikokera m'malo. Injini inabangula, galimoto inakhala ngati yagwidwa pamchira, ndipo boti linasiya kuvina. Tinakhota khonalo pang'onopang'ono ngati tikupita kumaliro, mpaka tinafika pansi.

Titaima pamthunzi, Atate anakhala pamwala. Agogo anazungulira akugwira pakati pa tayala lililonse ndi kuseri kwa dzanja. Atafika pa tayala la tirela la kumanja, anachotsa dzanja msanga n'kuliuzira.

"Apa ndinalakwa ndine," anatero. "Unanena kuti titsegule, ine ndinakana. Girisi wauma."

Atate anawayang'ana, kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichotsedwereni ntchito. "Dailesi, wamva? Ukafotokozere amai ako, ine sakandikhulupirira." Tinakhala pamenepo maola awiri tikupaka girisi watsopano ndi kudya mbatata ndi manja akuda.

Titakhotera kumwera pafupi ndi mlatho wa Luangwa, tara inatha ndipo tinayenda m'fumbi ndi m'mabampu mpaka dzuwa litapendeka. Malume anatilandira pagombe pomwe asodzi ankasoka maukonde, ndipo anthu anasonkhana kudzaona boti la ku Lusaka. Chotsala chinali kubweza tirela cham'mbuyo kutsika kanjira kopapatiza mpaka m'madzi. Atate anali asanabwezepo tirela chibadwire. Akakhotetsa kumanja, boti linkapita kumanzere. Anayesa kanayi, ndipo kachisanu tirela inapindika mpaka kutsala pang'ono kugunda vaneti. Asodzi anayamba kuseka, aliyense akukuwa malangizo ake.

Atate anazimitsa injini n'kutsika. Ndinaganiza kuti akalipa. Koma anazungulira, anamasula waya wa chitseko cha kumanzere, n'kunena mawu amene ndinali ndisanawamvepo akuwatchula kwa Agogo, popeza masiku onse ankangoti a Mdala.

"Atate, bwerani mukhale uku."

Agogo anatsika, anayenda akugwira boneti, n'kukwera pampando wa dalaivala. Anasisita chiwongolero kuzungulira, anayesa mapedulo, anakonza chipewa. Pagombe ponse panati zii, chifukwa anthu anali ataona maso awo.

"Dailesi, ima pano pazenera. Uziyenda nane. Usandiuze chochita, undiuze chimene boti likuchita."

Anayatsa injini n'kupita kutsogolo pang'ono mpaka ndinati zawongoka. Kenaka anayamba kubwerera, dzanja limodzi lili pansi pa chiwongolero, khutu litatchera kwa ine. "Likupita kumanzere. Likadapitabe. Laima. Lawongoka. Kumanja kuli mwala, patsala phazi limodzi. Mwaudutsa. Matayala afika pamatope. Alowa m'madzi. Madzi afika pakati pa tayala." Anaponda buleki, anakoka ya m'manja, ndipo boti linatsetsereka n'kuyandama pa Zambezi ngati silinagonepo ndi nkhuku. Asodzi anaomba m'manja, wina anaponya chipewa m'mwamba. Agogo sanatsike msanga. Anakhala atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, injini ikulira pansipansi, misozi ikutsika m'makwinya a nkhope yawo, ndipo Atate anauza anthu kuti awasiye.

Nsomba sizinatilemeretse. Zinangotidyetsa ndi kutisunga pasukulu zaka zimene anzanga ambiri anasiyira panjira. Vaneti ija inayenda msewu umenewo kambirimbiri, inakokanso boti kupita ku Kafue nyengo zina, ndipo chitseko chake chinakhalabe cha waya mpaka mapeto. Agogo anamwalira patapita zaka zitatu, ndipo bokosi lawo linapita kumanda litakwera kumbuyo kwake.

Atate tsopano ndi okalamba kuposa mmene Agogo analiri nthawi ija. Chaka chatha anayamba kugunda mafelemu a zitseko ndi phewa, ndipo ndinawatengera kuchipatala cha maso. Dokotala atawapima, anandiitanira pambali n'kundifotokozera m'Chingerezi chothamanga kuti ndi matenda a m'banja, omwe aja a Agogo, kuti mankhwala angachedwetse koma sangabweze, ndipo kuti diso lamanzere latsala pang'ono kufa. Ndikuyenda m'khonde kubwerera kumene anakhala, ndinakonza mawu ofewa, akuti tingoyesa mankhwala tione. Titalowa m'galimoto anandifunsa kuti dokotala wanena chiyani. Ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo mawu ofewa aja sanatuluke. Ndinawauza zonse monga ndinazimvera, osachotsapo kanthu.

Tinadutsa maloboti awiri. Kenaka anapuma mozama n'kuti, "Zikomo, mwana wanga. Ndiye tikafika kunyumba tiyambe kuwerenga mapazi, kuchoka kuchipinda kufika kukhomo, ndikadali kuona."

Tinayamba tsiku lomwelo, iwo atatsinzina, ine nditawagwira pamkono. Kuchoka pabedi kufika pakhomo ndi mapazi khumi ndi anayi, ndipo pa lachisanu ndi chinayi pali kona ya tebulo. Ndinawauza za konayo asanaigunde.